Agogo sankapatsa njuchi mankhwala, nanga ine ndizithiriranji?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Ntchisi amene pano akukhala ku Nottingham, ku England. Iwo akuti: "Mu Meyi chaka chino ndinagula njuchi n'kuika mng'oma umodzi kuseri kwa nyumba. Zaswana bwino ndipo uchi ndapezako. Koma sabata yatha, Ogasiti yemwe uno, ndaona njuchi zingapo zikukwawa pa udzu, mapiko ake okwinyika ngati apsa ndi moto. Anzanga a m'bungwe la alimi a njuchi kuno akuti ndi varroa, ndithire mankhwala msanga. Ine mtima ukukana. Agogo anga anali ndi ming'oma ya makungwa yoposa 20 m'nkhalango, ndipo sindinawaonepo akupatsa njuchi mankhwala. Kodi sikuti akungofuna kutigulitsa zinthu? Nanga uchi wanga suwonongeka?"

Achimwene, thirani mankhwala, ndipo muthire mwezi uno usanathe. Agogo anu sankalakwitsa, koma njuchi zimene zili kuseri kwa nyumba yanu si mtundu wa njuchi zimene iwo ankafula, ndipo dziko limene mukuwetamo lili ndi chisanu chimene ku Ntchisi kulibe. Njuchi za mapiko okwinyika zikayamba kuoneka panja, ndiye kuti mkati zinthu zafika kale patali.

Varroa ndi nthata, m'bale wake wa nkhupakupa, wa miyendo 8. Yaikazi ndi yofiirira, yaphwatalala, mulifupi mwake ndi mamilimita 1.6, m'litali 1.1. Ikhoza kuoneka ndi maso ngati kambewu ka chitowe. Kwa zaka zambiri tinkaphunzitsidwa kuti imayamwa magazi a njuchi, mpaka mu 2019 pamene Samuel Ramsey ndi anzake ku University of Maryland anasonyeza kuti chimene imadya kwenikweni ndi mafuta a m'mimba mwa njuchi. Mafuta amenewa amagwira ntchito ngati chiwindi chathu. Ndiwo nkhokwe ya chakudya m'thupi mwa njuchi, ndiwonso amaiteteza ku matenda ndi ku poizoni. N'chifukwa chake nthatayi simuiona kawirikawiri pamsana. Imalowa kunsi kwa mimba, n'kudzipanikiza pakati pa timamba, kumene diso la mlimi silifika. Alimi atsopano ambiri amandiuza kuti "ndayang'ana mafelemu onse a zisa, sindinaone ngakhale imodzi." Kusaiona sikutanthauza kuti kulibe.

Kumene imaswana ndi m'tizipinda ta ana. Mphutsi ya njuchi ikatsala pang'ono kutsekeredwa ndi phula, nthata yaikazi imatsika pa njuchi imene inaikwera n'kukabisala pansi pa mphutsiyo, m'chakudya chake. Kachipinda kakatsekedwa, pakapita masiku ngati atatu imaikira dzira loyamba, lomwe limakhala laimuna. Kenako imaikira aakazi, limodzi pa maola 30 alionse. Anawo amakulira pomwepo, akudya pa bala limodzi limene mayi wawo anaboola pa mwana wa njuchi, ndipo amakwerana okhaokha m'kachipindamo. Njuchi ikamatuluka, mayi ndi ana ake aakazi okhwima amatuluka nayo. M'kachipinda ka njuchi yantchito, kamene kamakhala kotseka masiku 12, mumatuluka mwana wa nthata mmodzi, nthawi zina awiri. M'kachipinda ka njuchi yaimuna, kamene kamatseka masiku 14 kapena kuposerapo, mumatuluka awiri kapena atatu, ndipo nthata zimakonda tizipinda timeneti kwambiri. Pa nthawi imene mfumukazi ikuikira mwamphamvu, chiwerengero cha nthata chimawirikiza kawiri pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo zambiri zimakhala zobisika pansi pa phula.

Tsopano taonani chimene Ogasiti amachita ku England. Mu Juni mng'oma umakhala wodzaza, njuchi mwina 50,000, ana mbwee, ndipo nthata ngakhale zichuluke zimamwazikana. Kuyambira kumapeto kwa Julayi mfumukazi imachepetsa mazira, njuchi zazimuna zimasiya kuleredwa, koma nthata zikupitirirabe kuchuluka. Ndiye nthata zambiri zimaunjikana pa ana ochepa. Ana amenewa ndiwo ofunika kuposa onse a chaka chonse. Njuchi ya m'nyengo yotentha imakhala milungu 6 basi n'kufa ndi ntchito. Koma imene ikuleredwa kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala iyenera kukhala miyezi 5 kapena 6, ikufunditsa mfumukazi mpaka maluwa a Malichi. Chimene chimaipatsa moyo wautali chotero ndi mafuta a m'mimba aja, omwewo amene nthata imadya. Mukadikira kuti muthire mankhwala mu Okutobala, mudzapha nthata ndithu, koma njuchi zoti zidutse chisanu zidzakhala zitabadwa kale zolumala.

Mapiko amene mwaonawo sanadyedwe ndi nthata ayi. Ndi vairasi yotchedwa deformed wing virus, kachilombo kopundula mapiko. Inalipo m'njuchi kuyambira kale osavuta kwenikweni, koma nthata imaibaya mwachindunji m'thupi la mwana wa njuchi ngati jakisoni. Tolani imodzi mwa zokwawazo muiike pachikhatho. Muona kuti mimba yake ndi yaifupi, thupi lotuwa, mapiko ngati tiulusi topota, ndipo imangonjenjemera osatha kuuluka. Zinzake zimaitaya panja, ndipo simatha masiku awiri kapena atatu. Pa imodzi iliyonse yotero pali zambiri zimene mapiko ake ali bwinobwino koma kachilombo kali m'thupi, ndipo zidzafa msanga. Vairasiyi ilibe mankhwala. Njira yokha yoichepetsera ndi kuchepetsa nthata.

Nkhani ya agogo anu ndiyofunika kuiona bwino, chifukwa muli choonadi chachikulu. Kwawo kwa varroa ndi ku Asia, pa njuchi ya kumeneko yotchedwa Apis cerana, imene inazolowerana nayo kalekale. Inalumphira pa njuchi za ku Ulaya anthu atazitengera kum'mawa, n'kufalikira nazo dziko lonse. Ku America inapezeka mu 1987, ku England mu 1992 m'chigawo cha Devon, ndipo ku Australia inafika mu 2022 pa doko la Newcastle. Ku South Africa inapezeka mu 1997, ku Kenya mu 2009. Choncho ngati agogo ankapachika ming'oma yawo m'ma 1970 kapena m'ma 1980, nthatayi inali isanaoneke n'komwe kumwera kwa Africa.

Koma ngakhale itafika, njuchi za ku Africa sizinagwe monga zinagwera za ku Ulaya. Mike Allsopp, amene anatsata nkhaniyi ku South Africa, anaona kuti ming'oma ina inafa poyamba, koma patapita zaka zosakwana 10 njuchi za kumeneko zinali zitapirira, popanda alimi kuthira mankhwala. Ku Kenya, Elliud Muli ndi anzake anayendera ming'oma m'madera ambiri, ndipo mu 2014 analemba kuti nthata zilipo pafupifupi paliponse koma sizikuoneka kuti zikufooketsa njuchi, motero analangiza alimi kuti asathire mankhwala. Zifukwa zake mukuzidziwa kale ngati munaperekezapo agogo kunkhalango. Njuchi yathu imakula msanga, imatuluka m'kachipinda tsiku limodzi kapena awiri njuchi ya ku Ulaya isanatuluke, ndiye ana ambiri a nthata amafa asanakhwime. Imanunkhiza kachipinda kamene muli nthata, n'kukatsegula ndi kutaya zamkati. Imagawikana kangapo pachaka. Ndipo zinthu zikaipa, chakudya chikasowa kapena linthumbu likavuta, imangosamuka yonse n'kusiya zisa ndi ana momwemo, nthata zobisala zija n'kutsala zikufa. Kusamuka kumene kumakwiyitsa mlimi wa kwathu ndi kumenenso kumatsuka njuchi zake. Chinanso, njuchi zambiri za ku Africa ndi zakutchire, palibe amene anazisankhira mfumukazi. Zofooka zinafa, zolimba zinaswana.

Njuchi zanu za ku Nottingham zinasankhidwa kwa mibadwo yambiri kuti zikhale zofatsa, zisamathawe, zizilera ana ambiri nyengo yonse yotentha. Makhalidwe amenewa ndi abwino kwa mlimi wokhala pakati pa nyumba za anthu, komanso ndi abwino kwambiri kwa nthata. Sindikubisirani kuti ku Britain alipo alimi, makamaka kumpoto kwa Wales, amene akhala zaka zambiri osathira mankhwala ndipo njuchi zawo zikukhala. Ndimawalemekeza. Koma amayamba ndi njuchi za m'dera lawo zimene zinapyola kale m'mavutowa, amakhala ndi ming'oma yambiri yoti ina ikafa amagawa yotsala, ndipo anansi awo amachita chimodzimodzi. Inu muli ndi mng'oma umodzi wogula, chaka choyamba, ndipo matenda aonekera kale. Kuusiya si kuulimbitsa, kungoutaya.

Inenso ndinali ndi maganizo ngati anuwa pamene ndinkayamba kuweta njuchi m'dziko lozizira. Mng'oma wanga woyamba unali wamphamvu mpaka Seputembala, ndipo ndinati njuchi zochuluka chonchi sizingafe. Tsiku lina lofunda mu Febuluwale ndinaona kuti pakhomo pali zii. Nditatsegula ndinapeza uchi wodzaza mafelemu, wosakhudzidwa, ndi kagulu ka njuchi zakufa kosakwana dzanja limodzi, mfumukazi ili pakati. M'tizipinda topanda kanthu munali timadontho toyera tomatirira kukhoma lakumwamba, zitosi za nthata. Sizinafe ndi njala. Zinachepa pang'onopang'ono mpaka zinalephera kudzifunditsa. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinali nditauzidwa.

Musanathire chilichonse, werengani. Ndikudziwa kuti ndanena kale kuti muthire, koma popanda nambala ya lero simudzadziwa ngati mankhwala agwira. Pezani botolo la pakamwa papakulu, muboole chivindikiro n'kuikapo waya wa sefa wa mabowo a mamilimita 3, woti nthata idutse koma njuchi isadutse. Pezaninso shuga wosalala wa makeke uja amati icing sugar, beseni, ndi mbale yoyera yothiramo madzi pang'ono. Tulutsani felemu ya m'bokosi la ana, imene ili ndi mphutsi zazikulu zosatsekera, chifukwa njuchi zolera ana ndi zimene nthata zimakwera. Yang'anitsitsani mbali zonse kuti mfumukazi palibe. Kutumulirani njuchizo m'beseni. Zokalamba ziuluka, zazing'ono zitsala. Tapani theka la kapu, zimene ndi njuchi pafupifupi 300, muthire m'botolo n'kutseka. Thirani masupuni aakulu awiri a shuga kudzera pa waya, gubuduzani botolo mpaka zonse zichite mbuu, kenako muliike pamthunzi mphindi ziwiri. Mukatero litembenuzeni pamwamba pa mbale ija n'kukhutchumula mwamphamvu kwa mphindi yathunthu. Apa ndi pamene ambiri amachita chisoni n'kumagwedeza monyengerera, nambala n'kutuluka yabodza. Shuga asungunuka m'madzi ndipo timadontho tofiira titsala poyera, tina tikupalasa miyendo. Njuchi zibwezereni mumng'oma, zinzake zizinyambita. Chitani izi tsiku louma, chifukwa kukakhala chinyontho shuga amaumbika ndipo nthata sizigwa.

Nambala imene mwapeza muigawe ndi 3 kuti mudziwe nthata pa njuchi 100 zilizonse. Mukapeza 9 m'botolo, ndiye 3 pa 100, ndipo pamenepo palibenso kudikira. Zimaoneka zochepa, koma tawerengani. Ngati mng'oma uli ndi njuchi 30,000, ndiye nthata 900 pa njuchi zazikulu zokha, osawerengera zochuluka zimene zili pansi pa phula. A National Bee Unit, nthambi ya boma yoona za njuchi ku England ndi Wales, amalangiza kuti nthata mumng'oma wonse zisafike 1,000. Ndi zimene mwafotokozazi, sindidabwa mukapeza 20 kapena kuposa.

Za uchi wanu musade nkhawa, bola mutsate dongosolo. Choyamba chotsani bokosi lapamwamba la uchi, lija amati super, mufule. Mankhwala amalowa uchi woti anthu adye utachoka. Ndi chifukwa chakenso alimi a kumeneko amafula kumayambiriro kwa Ogasiti osadikira dontho lomaliza.

Mankhwala ovomerezeka alipo angapo, ndipo ndinena atatu amene anzanu akutchulireni. Apiguard ndi thymol, mafuta onunkhira amene amapezekanso m'chomera cha thyme. Mumaika kathireyi kamodzi pamwamba pa mafelemu kwa milungu iwiri, kenako kachiwiri kwa milungu ina iwiri kapena kuposerapo. Amafuna kutentha kopitirira madigiri 15, choncho Seputembala akazizira msanga mphamvu yake imachepa. Fungo lake limatulutsa njuchi kukaunjikana pakhomo, ndipo mfumukazi nthawi zina imaleka kuikira kwa kanthawi. Formic Pro ndi asidi wa formic. Amatha m'masiku 7 ndipo mwa atatuwa ndi yekhayo amene amalowa mpaka pansi pa phula kukapha nthata zobisala. Koma ndi waukali, safuna tsiku lotentha kufika madigiri 30, safuna mng'oma wofooka, ndipo nthawi zina amapha mfumukazi. Kutaya mfumukazi kumapeto kwa Ogasiti, muli ndi mng'oma umodzi, ndi vuto lalikulu. Apivar ndi timapulasitiki tiwiri tokhala ndi amitraz, timene mumapachika pakati pa mafelemu a ana kwa milungu 6 mpaka 10. Sadalira nyengo, ndipo njuchi sizivutika naye.

Kukanakhala kwa ine, pa mng'oma wa munthu woyamba umene waonetsa kale mapiko opunduka, ndikanasankha Apivar chaka chino. Sindimukonda kuposa enawo, ndipo sindikufuna muzimugwiritsa ntchito chaka ndi chaka. Koma pano chofunika ndi mankhwala osalephera msanga m'manja mwa munthu amene akuphunzira. Timapulasitikito tikhale pamene njuchi zaunjikana, chifukwa mankhwala amayenda njuchi zikamakhudza n'kukhudzana. Pakati pa nthawiyo mutsegule, mupale phula limene zamatapo, ndipo ngati ana asunthira mbali ina musunthe nato. Tsiku lochotsa mulembe pa kalendala. Kusiya timapulasitiki mumng'oma chisanu chonse ndi kumene kumaphunzitsa nthata kupirira mankhwala. Zinachitika kale ndi Apistan, amene anali wodalirika mpaka 2001 pamene nthata zosamva mankhwalawo zinapezeka ku Devon ndi Cornwall. Chaka chamawa mudzasinthe, mudzagwiritse thymol kapena formic.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kuchenjeza, chifukwa amene tinakulira pafupi ndi ng'ombe timachidziwa. Amitraz ndi mankhwala omwe aja a m'dibi wina wa nkhupakupa. Musayese kunyika kansalu m'dibi n'kuika mumng'oma. Muyeso wake simungaudziwe, zosungunulira zake zimapha njuchi, ndipo zotsalira zimalowa mu uchi umene mudzapatse ana anu. Ku Britain lamulo limalola mankhwala okhawo amene avomerezedwa ndi Veterinary Medicines Directorate, nthambi ya boma yoona za mankhwala a ziweto, ndipo limafuna kuti musunge kaundula wa zimene mwagula ndi kuthira kwa zaka 5, ngakhale muli ndi mng'oma umodzi.

Mankhwala akatha, bwerezani kuwerenga ndi shuga. Muyenera kupeza imodzi kapena ziwiri m'botolo, kapena osapeza n'komwe. Mukapezabe zambiri, mwina mankhwala sanagwire, mwina nthata zabwera kuchokera kwina. Mu Seputembala ndi Okutobala njuchi zamphamvu zimakaba uchi m'ming'oma ya ena imene ikufa, n'kubwera zitanyamula nthata za kumeneko. M'tauni ngati Nottingham ming'oma ya anthu ena ili pafupi kuposa mmene mukuganizira. Nthawi yomweyi onetsetsani chakudya. Mng'oma umafuna uchi pafupifupi makilogalamu 20 kuti udutse chisanu, ndipo ngati wachepa muwonjezere madzi a shuga okhathamira Seputembala asanathe.

Nkhondo yachiwiri ndi ya pakati pa chisanu, ndipo ndi yosavuta. Cha kumapeto kwa Novembala ndi mu Disembala mfumukazi imaleka kapena kuchepetsa kwambiri kuikira. Popanda ana otsekeredwa nthata zilibe kobisala, zonse zili pa njuchi. Apa ndi pamene asidi wa oxalic amagwira bwino koposa. Ogulitsidwa movomerezeka ndi monga Api-Bioxal. Mumasungunula m'madzi a shuga monga pepala lake likunenera, kuwafunditsa pang'ono, n'kudonthezera ndi sirinji mamililita 5 mumpata uliwonse wa pakati pa mafelemu umene muli njuchi. Ntchito yonse sitenga mphindi ziwiri, mng'oma n'kutseka. Kudontheza kumachitika kamodzi kokha m'chisanu chimenecho, kubwereza kumavulaza njuchi. Valani magolovesi ndi magalasi. Ambiri amazolowera kuchita izi Khirisimasi itadutsa kapena mu Januwale, koma ine ndimakonda kumayambiriro kwa Disembala, kukangozizira kwa milungu ingapo motsatizana, chifukwa Januwale akamafika mfumukazi zambiri zimakhala zitayambanso kuikira.

Chaka chamawa mungachepetse kudalira mankhwala ndi msampha wa njuchi zazimuna. Mu Epulo kapena Meyi ikani felemu yaifupi ya mu super m'bokosi la ana. Pampata wotsala kunsi kwake njuchi zimanga chisa cha ana aamuna, nthata n'kuthamangira kumeneko. Chikatsekedwa, dulani chisacho mutaye kapena muike mufiriji youmitsa zinthu (freezer), masiku 24 asanakwane kuchokera pamene mazira anaikiridwa. Mukaiwala, mwaweta nthata ndi manja anu. Musanataye tengani foloko yotsegulira phula, mubaye n'kukweza ana oyerawo. Nthata zofiira zimaonekera bwino pa matupi oyera, ndipo aka kadzakhala koyamba kuona ndi maso anu zimene ndalongosolazi. Ngati malo alipo, onjezeraninso mng'oma wachiwiri. Ndi iwiri mumatha kuyerekeza, ndipo umodzi ukataya mfumukazi mumabwereka mazira ku unzake.

Lembetsani mng'oma wanu pa BeeBase, kaundula wa National Bee Unit. Ndi kwaulere, ndipo amakudziwitsani matenda akabuka pafupi nanu. Mukatsegula n'kupeza zivindikiro za ana zolowa mkati, zonyowa, zobooka, kapena mphutsi zosungunuka ndi zosintha mtundu, musangoti ndi varroa. Nthata zochuluka zimatha kuonetsa zofanana ndi zimenezi, koma akhozanso kukhala matenda oolesa ana a njuchi otchedwa foulbrood, amene lamulo limati muuze woyendera njuchi wa boma. Kubwera kwake simulipira.

Ngati ku Ntchisi alipo achibale amene anatenga ming'oma ya agogo, musawatumizire Apivar. Akakuuzani kuti aona tizilombo tofiira pa njuchi, afunseni kuti tili pati ndipo tikuyenda bwanji. Kukakhala kozungulira ngati kampira, kothamanga, kokonda pamutu ndi pamsana, makamaka pa mfumukazi, n'kutheka kuti ndi nsabwe ya njuchi yotchedwa Braula, kantchentche kopanda mapiko ka miyendo 6 kamene kamangoba chakudya pakamwa pa njuchi. Ku England kanasowa chifukwa cha mankhwala a varroa, koma ku Africa kakadalipo. Ndalama imene mukanagulira mankhwalawo iwathandiza bwino mukawagulira waya wopachikira ming'oma kuti chiuli asagwetse, ndi girizi wopaka pa wayawo kuti nyerere ndi linthumbu zisakwere.